Mafani akuzungulira, koma sikirini ili bii

Chala chinakhala pabatani kwa kanthawi ngati chikudikira chilolezo.

Kenako chinadina.

Mafani atatu anayamba kuzungulira. Kanyali kakang'ono ka pa motherboard kanawala. Anyamata anayi amene anathithikana m'kachipinda kena ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, awiri pabedi, wina pandowa yovundikira, wina chiimire pakhomo, anatembenukira kusikirini nthawi imodzi.

Sikirini inali bii.

Mwini kompyutayo ndi mnyamata amene amapeza ndalama pokonza makhadi a ukwati ndi zikwangwani za malonda m'tauni. Kwa pafupifupi chaka wakhala akugula chida chimodzichimodzi, kumasunga m'katoni pansi pa bedi. Loweruka limenelo ndi tsiku loti zonse zikumane. Ndinamuona akupukuta manja pa thalauzi, ngakhale kuti sanagwire madzi.

Anazimitsa. Anayatsanso. Bii.

Amene anaima pakhomo uja anali wamkuluko, mmisiri wokonza makompyuta amene anaitanidwa kuti adzangoonerera. Sanatsegule kesi. Anangozungulira kuseri kwa tebulo, n'kusuzumira, n'kuseka.

"Mphwanga, chingwe chako wachilowetsa pati?"

Chingwe cha HDMI chinali pabowo la motherboard. Purosesa yomwe mnyamatayo anagula, Ryzen 5 5600, ilibe mbali yotulutsira zithunzi, choncho bowo limenelo ndi lakufa. Zithunzi zimayenera kuchokera pa khadi la zithunzi, lomwe mabowo ake ali m'munsi pang'ono. Mmisiriyo anasolola chingwecho, n'kuchitsitsa mtunda wosaposa chikhatho.

Sikirini inaphethira, zilembo n'kutuluka.

Phokoso lomwe linabuka m'chipindamo linachititsa mayi a panyumbapo kufunsa ali panja ngati Flames yagoletsa.

Anyamata ambiri a m'tauni anaphunzira magemu m'timashopu ta PlayStation, momwe umalipira gemu imodzi, woluza n'kupereka mpando. Ena mwa iwo akula tsopano. Akugwira maganyu ojambula, osakaniza nyimbo, odula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Akufuna makina amodzi oti masana agwire ntchito, usiku amenye mpira wa EA Sports FC, womwe mpaka 2023 unkatchedwa FIFA, ndipo m'makwalalamu dzina lakalelo silinachoke.

Laputopu yamphamvu choncho ndi yodula, ndipo ikakalamba imakalamba yonse. Kompyuta yapatebulo yodzimangira ili ngati nyumba ya ku Mtandire kapena ku Ndirande: chaka chino njerwa, chaka chamawa malata, mazenera adzabwera mbuzi ikagulitsidwa.

Koma fanizoli lili ndi msampha wake. Njerwa ukhoza kuiona ndi maso kuti ndi yabwino. Motherboard siungaiyese popanda purosesa, RAM ndi magetsi. Ukaigula mu Febuluwale n'kudzaiyatsa koyamba mu Novembala, ikakana kudzuka, amene anakugulitsa adzakhala atasintha nambala ya foni kalekale. Amisiri omwe ndinacheza nawo amalangiza kusunga ndalamazo kaye, n'kugula zida zikuluzikulu nthawi yoyandikana. Vuto ndi loti ndalama ya kwacha yosungidwa imasungunuka ngati mchere m'madzi.

Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Palibe chida ngakhale chimodzi cha m'kompyuta chomwe chimapangidwa kuno. Zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo wamalonda amene sanaipeze dola kubanki amaipeza kwina pamtengo wina. Pamwamba pake pali mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pachipata. N'chifukwa chake ukafunsa mtengo wa khadi la zithunzi m'shopu ku Limbe kapena ku Area 2, yankho limabwera ndi mchira wake: mtengowu ndi wa lero.

Njira zomwe katunduyu amalowera n'zodziwika. Wina amaitanitsa ku masitolo a ku South Africa monga Wootware kapena Evetech, m'bale wake wa ku Joni n'kupatsira a basi. Wina amadikira amalonda opita ku Dubai ndi ku China. Wina amachonderera azakhali a ku Leeds kuti m'chikwama cha Khirisimasi musalowe nsapato zokha. Otsalawo amadalira kaunjika wa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp.

Ndalama zikakhala zochepa chonchi, funso loyamba si lakuti chida chabwino kwambiri ndi chiti. Ndi lakuti udzasewera chiyani, ndipo pa sikirini yotani.

Mnyamata wa ku Area 25 uja yankho lake linali lalifupi: mpira, GTA V, ndi Counter-Strike 2. GTA V inafika pa kompyuta mu 2015. Counter-Strike 2 ndi eFootball ya Konami n'zaulere. Sikirini yake ndi ya 1080p, yomwe mpaka pano ndiyo yofala kwambiri pakati pa osewera pa Steam dziko lonse lapansi. Magemu amenewa pa sikirini imeneyi safuna khadi lomwe anthu a pa YouTube amaligwira ndi manja awiri ngati khanda.

Komabe khadi la zithunzi, lomwe ambiri amangoti GPU, ndilo limadya gawo lalikulu la thumba. Ndipo lili ndi mbiri yomwe wogula aliyense ayenera kuidziwa.

Mu 2020 ndi 2021 makhadiwa anasowa padziko lonse. Anthu anali m'nyumba chifukwa cha Covid-19, mafakitale ankalephera kukwaniritsa, ndipo okumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum ankagula makhadi mazanamazana n'kuwayatsa usana ndi usiku. RTX 3060 yomwe Nvidia inaitulutsa mu 2021 pamtengo wa madola 329 inkagulitsidwa mokwera kutali ndi pamenepo. Ndiye pa 15 Sepitembala 2022 Ethereum inasintha kayendetsedwe kake, ndipo kukumba Ethereum ndi makhadi kunatha tsiku lomwelo. Makhadi otopa aja anakhuthukira pamsika wa kaunjika.

Ena mwa iwo ndi amene akuzungulira kuno, atapukutidwa bwino, ali m'bokosi lonyezimira.

Lotchuka kwambiri ndi RX 580 la 8GB, khadi la AMD la mu 2017. N'lotsika mtengo, ndipo mpira ndi GTA V limazikwanitsa. Koma pali RX 580 ina yolembedwa 2048SP kumapeto kwa dzina, yomwe mphamvu zake n'zofanana ndi RX 570, mng'ono wake. Wogulitsa sangakuuze zimenezo ngati sunafunse, mwinanso iye mwini sakudziwa.

Sikuti khadi lililonse lomwe linakumbako ndi lakufa. Ambiri akugwirabe ntchito. Nkhani ndi yoti usalipire usanalione likugwira. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaulula dzina lenileni la khadi, ngakhale chomata chapamwamba chinene zina. FurMark imalithamangitsa mpaka litenthe. Mphindi khumi kapena makumi awiri n'zokwana kuona ngati pa sikirini payamba kutuluka timadontho ndi mizere yachilendo, ngati mafani akulira ngati chigayo, kapena ngati kompyuta ikuzima yokha. Wogulitsa amene akukana kuti uyese, akuti ali pachangu, mukumane pa depoti, wakuuza kale zonse.

Mnyamata wathuyu anapirira miyezi ina iwiri n'kugula RX 6600, khadi la mu 2021 la 8GB. Chinamukopa si liwiro lokha. RX 580 imakoka mawati pafupifupi 185, pomwe RX 6600 imakoka 132 koma ikuthamanga kuposa. M'dziko lomwe magetsi timagula mayunitsi, ndipo UPS, kabokosi ka batire, iyenera kunyamula katundu yense magetsi akathima, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Purosesa ndi motherboard zili ngati mphika ndi chivundikiro chake. Purosesa ya AMD silowa pa motherboard ya Intel, ndipo ngakhale m'banja limodzi mibadwo imasiyana. Soketi ya AM4, yomwe AMD inaiyambitsa mu 2016, yakhala bwenzi la anthu a m'thumba mopepuka chifukwa yanyamula mibadwo ingapo ya Ryzen, ndipo imagwiritsa ntchito RAM ya DDR4. AM5 ya mu 2022 imafuna DDR5 basi. Kumbali ya Intel, Core i3-12100F ndi i5-12400F pa soketi ya LGA1700 ndiwo amatchulidwa kawirikawiri.

Zilembo za kumapetozo zimaluma. F wa Intel akutanthauza kuti purosesayo ilibe zithunzi zakezake, ndiye popanda khadi sikirini idzakhala bii ngati ya ku Area 25 ija. G wa AMD, monga pa Ryzen 5 5600G, akutanthauza kuti zithunzi zilimo. Amene ndalama ya khadi sinakwane akhoza kuyamba ndi 5600G, kumasewera magemu opepuka, khadi n'kudzabwera pambuyo. Ine ndikuona kuti kwa ambiri kuno imeneyi ndiyo njira yanzeru, chifukwa makinawo amayamba kugwira ntchito ndi kubweretsa ndalama tsiku loyamba lomwelo.

Chenjezo lina laling'ono koma lowawa: motherboard ya B450 yomwe yakhalitsa pashelefu ikhoza kukana Ryzen wa m'badwo wa 5000 mpaka BIOS yake itasinthidwa, ndipo pa ma board ambiri kusinthako kumafuna purosesa yakale. Funsani musanalipire. Webusaiti ya PCPartPicker imathandiza kuona ngati zida zikugwirizana, ngakhale kuti mitengo yake ndi ya kwa eni ake.

RAM ndi nkhani yaifupi. 16GB, ndipo ikhale timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, chifukwa purosesa imatunga kuchokera ku tiwiri nthawi imodzi, ngati mijigo iwiri pamudzi umodzi. Chodandaulitsa n'chakuti RAM, yomwe kwa zaka zingapo inali chida chosadetsa nkhawa, inakwera mtengo kwambiri kumapeto kwa 2025, makampani omanga malo akuluakulu a makompyuta a AI atayamba kugula zochuluka. Mu Disembala chaka chomwecho kampani ya Micron inalengeza kuti isiya kugulitsa RAM ndi ma SSD a dzina la Crucial kwa anthu wamba. Zochitika kumaiko akutali zimafika mpaka pa Malangalanga.

Pali njira ina yachidule yomwe ambiri amayamba nayo: kugula kompyuta ya muofesi ya kaunjika, Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk, n'kuikamo khadi. Imatheka, ndipo n'zotsika mtengo. Koma makina amenewa sanapangidwire zimenezo. Ambiri ndi opyapyala moti khadi lalitali sililowa. Power supply yake ndi yaing'ono, mapulagi ake ndi achilendo, ilibe chingwe chodyetsera khadi lalikulu. Zomwe zimalowamo ndi makhadi aafupi odya pa motherboard pomwepo, monga GTX 1650 yosapitirira mawati 75. Kuwonjezera apo, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo kumbali ya Intel, Windows 11 mwalamulo lake imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. OptiPlex ya Core i5 ya m'badwo wa 4 kapena 6, zomwe zadzaza m'mashopu, yatsala kunja kwa mpanda.

Tsopano tifike pa chida chomwe palibe amene amachijambula n'kuika pa sitetasi.

Power supply ndi kabokosi kachitsulo kokhala pakona pa kesi. Ntchito yake ndi kulandira magetsi a 230V ochokera kukhoma n'kuwasandutsa 12V, 5V ndi 3.3V zomwe zida zimadya. Siwonjezera liwiro la gemu ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake munthu akaona kuti ndalama zatha, maso ake amagwera pomwepa. Amagula yopanda dzina, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, yolembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu.

Mmisiri uja anandionetsa katoni yomwe amasunga kushopu kwake. Muli ma motherboard ndi makhadi akufa. Ananyamula khadi limodzi n'kundiuza kuti ndilinunkhize. Fungo la chopsereza linali lisanachoke. Malinga ndi iye, zambiri mwa zida za m'katonimo sizinafe ndi ukalamba. Zinaphedwa ndi power supply yotchipa yomwe pofa inatenga anzake.

Nambala yolembedwa pa power supply yopanda dzina ndi lonjezo chabe. Yabwino imapereka mawati omwe yalemba, ndipo ili ndi zoteteza zomwe zimaidula yokha magetsi akachuluka kapena pakachitika shoti. Chizindikiro cha 80 Plus chimasonyeza kuti magetsi osachepera 80 peresenti omwe yakoka amafikadi ku zida, osathera m'kutentha. Chizindikirocho chimayeza kusawononga magetsi, osati kulimba, komabe power supply yomwe ilibe n'komwe, kapena yomwe chomata chake chikuoneka chosindikizidwa kuseri kwa msika, ndi yoithawa. Pa Ryzen 5 5600 ndi RX 6600, ya mawati 550 yochokera ku kampani yodziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master ndi yokwana, malo otsala alipo.

Ku Ulaya nkhani ikanathera pamenepa. Kuno ayi.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Aliyense akukumbukira ndandanda wa kuthima kwa magetsi wa nthawi imeneyo. Kwa kompyuta, kuthimako n'koipa, chifukwa kukhoza kuononga mafayilo omwe amalembedwa nthawi imeneyo. Koma choopsa kwambiri ndi kubwera kwake. Magetsi akamabwerera nthawi zina amafika ndi mphamvu yopitirira, kapena amaphethira kangapo asanakhazikike. Amayi a m'tauni anaphunzira kalekale kugulira firiji kachida koiteteza. Kompyuta yodula kuposa firijiyo ambiri amailumikiza pa ekisitenshoni ya pamsika, limodzi ndi ayironi.

UPS ndiyo yankho, koma nayonso ili ndi chinyengo chake cha manambala. Imalembedwa ma VA, osati mawati. Ya 650VA, yomwe ndiyo yofala m'mashopu, imanyamula mawati osafika 400. Kompyuta ili pakati pa gemu, kuphatikiza sikirini, ikhoza kuyandikira malire amenewo, makamaka ngati khadi lake ndi ladyera ngati RX 580. Ndipo ntchito ya UPS si yoti upitirize gemu mumdima. Ndi yoti ikupatse mphindi zochepa zosungira ntchito yako ndi kuzimitsa mwaulemu.

Mnyamata wa ku Area 25 anaulula kuti ndalama ya UPS inali ya kesi yagalasi yokhala ndi nyali zosinthasintha mitundu. Mmisiri uja ndiye anamukhotetsa. Kesi yomwe anagula m'malo mwake ndi yakuda, yosaoneka bwino, koma kutsogolo kwake kuli timabowo tolowetsa mpweya ndi kasefa kotchinga fumbi. Aliyense amene anakhalako ku Lilongwe mu Okutobala akudziwa chifukwa chake. Anamuuzanso kuti asaiike pansi pasimenti, pomwe tsache limadutsa m'mawa uliwonse.

Nyali zamitundumitundu sizinagoletsepo chigoli.

Chosungira zinthu nacho chili ndi mbali yomwe mavidiyo akunja satchula. SSD ndi yofunika, zimenezo palibe wotsutsa: Windows imadzuka m'masekondi, pomwe pa hard drive yakale umatha kukatereka madzi a tiyi. Ya 500GB ndi poyambira, ya 1TB ndi mtendere. Ngati ndi ya kaunjika, CrystalDiskInfo imaonetsa maola omwe yagwira ntchito ndi thanzi lomwe latsala. Koma kudzaza SSD imeneyo ndi nkhani ina. GTA V yokha imadya pafupifupi 100GB. Call of Duty imaposa pamenepo, ndipo sipatha nthawi isanafune kuwonjezera zina. Pa bandulo ya foni, kutsitsa gemu imodzi kukhoza kudya ndalama yomwe ikanagula RAM.

Choncho magemu kuno amayenda wapansi. Mmodzi amene ali ndi intaneti ya kuntchito, kapena mnzake wa Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, amatsitsa, ena n'kumakopera pa hard drive. Steam imalola zimenezi: ukakopera mafayilo a gemu yomwe uli nayo pa akaunti yako, imangowayendera n'kutsitsa zosowa zokha. Magemu obedwa, omwe amadzaza m'ma hard drive ambiri, amabwera ndi alendo awo. Mmisiri uja akuti makina ambiri omwe amabwera kwa iye eni ake akudandaula kuti achedwa, amawapeza akukumbira munthu wina ndalama mwakachetechete.

Ndipo pali chinthu chomwe ngakhale khadi la madola chikwi silingakonze. Pa magemu a pa intaneti, ma seva apafupi a Counter-Strike 2 ali ku Johannesburg. Chipolopolo chako chimayenera kupita kumeneko n'kubwerako. Intaneti ikamagwedera, umafa usanamuone wakuombera, kaya kompyuta yako ndi yokongola bwanji. Chingwe chochokera pa rauta chimathandiza kuposa Wi-Fi, ndipo n'chotchipa kuposa chida china chilichonse m'nkhani ino.

Dzuwa likupendeka, Windows inali italowa, madiraiva a khadi atatsitsidwa pa bandulo yomwe mmodzi wa anyamatawo anasungira tsikuli. Mmisiri analowa mu BIOS komaliza n'kuyatsa XMP, chifukwa popanda kutero RAM yolembedwa 3200 imayenda pa liwiro lotsika, ndipo ambiri amakhala zaka osadziwa kuti analipira liwiro lomwe sakuligwiritsa ntchito. Anamanga zingwe ndi timawaya ta pa mapaketi a buledi. Panatsala sikuluwu imodzi patebulo yomwe palibe anadziwa kwawo.

Anaika mpira. Mkangano unabuka wa amene ayambe, ndipo mwini makina, mwaulemu wake, anapereka padi kwa mmisiri.

"Yambani ndinu, achimwene."

Mmisiri anasankha Liverpool. Wapandowa uja anasankha Real Madrid. Udzu wa pabwalo unaoneka uliwonse paokha, ndipo kwa mphindi zingapo m'chipindamo munalibe wolankhula.

Chigawo choyamba chisanathe, babu la kudenga linazima. Wailesi ya kwa aneba inadukira pakati pa nyimbo. Pansi pa tebulo UPS inayamba kulira, pii, pii, pii, koma sikirini inali chiyakire, Madrid ikutsogola ndi chimodzi.

Wapandowa anachonderera kuti amalize chigawocho. Mwini makina sanamuyankhe n'komwe. Anamulanda padi, natuluka mu gemu, nadina Shut down, n'kukhala chigwadire pambali pa kesi mpaka fani yomaliza itaima.